Tiyi Waulere wa Mfumu Chodzadza

Ufumu wa Zilibwino suli pa mapu, ndipo eni ake sadandaula nazo, chifukwa kumeneko kudandaula kumatengedwa ngati kusaleredwa bwino. Ndi dziko laling'ono, la mapiri awiri ndi chigwa chimodzi. Mukakumana ndi munthu panjira n'kumufunsa mmene wadzukira, amayankha kuti zili bwino, ngakhale akuchokera kokumba manda.

Pakati pa chigwacho pamadutsa mtsinje wa Mayera. Kale dzinali silinali lokokomeza. Mayi akagwetsa ndolo padooko ankangosuzumira m'madzi n'kuitola. M'mbali mwa mtsinjewo munali bango, nsenjere, nsungwi ndi mikuyu ikuluikulu, ndipo palibe amene ankaziyamikira. Zinkangokhalapo basi.

Mfumu ya dzikolo inali Chodzadza Wachiwiri, munthu wamfupi, wansangala, wokonda kuseka, bola nthabwalayo ikhale yake. Sanali wankhanza. Chilema chake chinali chimodzi: akasekedwa, chakudya sichinkatsika. Ndipo padziko lonse panali munthu mmodzi yekha amene mwambo unkamulola kumuseka pagulu. Ameneyo anali msuweni wake Nasiyaya, mfumukazi ya ufumu wa Tingolandira, umene uli kumunsi kwa mtsinje womwewo.

Chaka china Nasiyaya anabwera ku ukwati wa mwana wa mfumu. Ali mkati moyendera bwalo, anaima pa nkhokwe zachifumu, n'kuzizungulira mwachidwi.

"Msuweni, makola a nkhunda awa ndi okongola zedi," anatero mokweza. "Nanga nkhokwe munaziika kuti?"

Anthu anafa nalo phwete. Mfumu nayo inaseka, koma ndi mano okha.

Alendo atangobalalika, nduna zonse zinaitanidwa. Mfumu inakwera pa kampando kamene inkaimirirapo polankhula, n'kulengeza Lamulo la Paliponse Khasu.

"Kuyambira lero, m'dziko langa musapezeke malo ongokhala," inatero. "Udzu ndi ulesi. Bango ndi ulesi woimirira. Mtengo uliwonse wosabereka chimanga ukudya nthaka yanga mwaulere. Limani mpaka khasu linyowe mumtsinje! Mizere ichoke pamwamba pa phiri kulunjika kumadzi, kuti ndikakhala pakhonde ndiziiona ili ndondondo ngati asilikali. Feteleza ndipereka ine, ndipo aliyense athire mpaka chimanga chinene chokha kuti chakhuta."

Nduna zinaomba m'manja. Kenako zonse zinatembenukira kwa munthu mmodzi.

Munthuyo anali Yotamu Kamphinda, Nduna ya Mitsinje, Zithaphwi ndi Mame. Anali wamtali, woonda, wofatsa, ndipo udindowo anaupeza chifukwa sanakanganepo ndi munthu. Musaganize kuti iye yekha ndiye ankadziwa chimene chimachitika mvula ikapeza gombe lopanda udzu. Aliyense m'chipindamo ankadziwa. Onse anakulira kumudzi. Kungoti mtsinje unali wa Kamphinda, choncho pakamwa poti patseguke panali pake.

"Kamphinda, milomo ikugwedezeka. Uli ndi mawu?" inafunsa mfumu.

"Wawa, mfumu," anatero Kamphinda. "Ndimati... mtsinje usangalala. Wakhala nthawi yaitali mumthunzi osaona dzuwa."

"Mwamva? Uyu ndiye munthu wodziwa ntchito yake."

Nkhwangwa zinalira mwezi wonse. Mikuyu inagwa, nsungwi zinapita kukakhala mipanda, bango linatenthedwa. Mayera anatsala pamtetete ngati mutu wometedwa pamaliro.

Kunena chilungamo, chaka choyamba zinthu zinayenda. Nthaka ya m'mbali mwa mtsinje inali yakuda, yonenepa, yosakhudzidwapo ndi khasu. Chimanga chinabereka mpaka kupindika. Mfumu inamangitsa nkhokwe zazitali moti pothira chimanga ankakwera makwerero awiri omangiriza. Ndipo panali anthu amene lamuloli linawapukutadi misozi. Mmodzi mwa iwo anali Zuze, mlimi wa kumtunda kwa mtsinje, bambo wa ana ambiri ndi munda wochepa. Zuze anatsegula dimba la tomato lofika m'madzi mwenimweni. Ankapopera mankhwala tomatoyo mosaumira, ndipo akamaliza ankatsuka chopoperacho mumtsinje.

"Madzi amapita," ankatero munthu akamuyang'ana. Ankanena zoona. Ankapitadi, kwa anzake a kumunsi.

Kumunsiko kunali mudzi wa Timwenji, kumene kunali msika waukulu wa dzikolo. Kunalinso kwawo kwa Nachanza, mkazi wa Kamphinda. Kubwalo la mfumu Kamphinda anali nduna, koma ku Timwenji anali mkamwini ngati wina aliyense, wogona m'nyumba yomangidwa pa malo a akuchikazi. Nachanza ankaphika thobwa lotchuka dziko lonse, ndipo anali ndi mwana mmodzi wamkazi, Sigele.

Mvula ya chaka chachiwiri inagwa yamphamvu. Madzi anatsika m'mizere yolunjika ija ngati ana otuluka m'kalasi, atanyamula dothi, feteleza ndi chilichonse chimene anachipeza panjira. Pagombe panalibe chowaimitsa. M'mawa mwake amayi a ku Timwenji anapeza Mayera atafiira.

Ankati ayera mawa. Sanayere. Nachanza ankatunga madzi, kuwasiya mumtsuko kuti dothi likhale pansi, kuwasefa ndi nsalu, komabe thobwa linkatuluka ndi kafungo kena ndiponso timchenga tolira m'mano.

"Mayi, thobwa la lero ndi lotafuna?" anafunsa wometa tsitsi wa pamsikapo, amene ankagula tsiku lililonse.

"Mungomwa, bambo."

"Ayi, sindikudandaula. Nkhuku zimameza mchenga dala, ndipo zimanenepa."

Mphekesera zinafika kubwalo. Mfumu inatuma munthu kukatunga madzi m'botolo, n'kuliika patebulo pamaso pa nduna zonse. Inaliyang'ana, n'kuyang'ana Kamphinda.

"Tandiuza. Mtsinje wako uja unati usangalala. Ichi n'chiyani?"

Kamphinda anayang'ana botolo. Anaganiza za mpando wake, za galimoto yaunduna, za mmene anthu ankamuvulira zipewa. Kenako anamva pakamwa pake pakulankhula pokha.

"Wawa, mfumu. Mtundu umenewu mwauzindikira? M'maiko ena anthu amadzuka m'mamawa, kusonkha moto, kugula masamba, kuti apeze chakumwa cha mtundu womwewu. Kuno, mu ulamuliro wanu, chikungoyenda chokha."

Mfumu inakweza botolo kuliunika padzuwa. Nkhope yake inayamba kuwala.

"Tiyi!"

"Tiyi, mfumu. Waulere."

Tsiku la msika wolengeza za mfumu anaima pa chulu cha ku Timwenji ndi chimkuzamawu. Anauza anthu kuti mfumu, mwa chikondi chake, yasandutsa mtsinje wa Mayera kukhala tiyi, ndipo aliyense wonena kuti ndi matope akunyoza mphatso.

Anthu anamvetsera mwaulemu. Atamaliza, mayi wina wogulitsa usipa anakweza dzanja.

"Tathokoza, achimwene. Nanga shuga adzera mtsinje uti?"

"Zimenezo sanandiuze."

"Mukatifunsire. Komanso mutiuze ngati n'zololedwa kuchapa matewera mu tiyi wa mfumu, tingalakwe."

Nachanza sanaseke nawo. Anadziwa kuti mawu oterowo sangachoke m'mutu mwa mfumu. Madzulo mwamuna wake atafika, anamuyang'ana nthawi yaitali, n'kupitiriza ntchito zake. Kamphinda akanakonda kukalipiridwa.

Chilimwe chitafika, mtsinje unaphwa n'kutsala timadamu. Feteleza yense uja amene chimanga sichinamalize anapeza ntchito ina: anadyetsa ndere. Madzi anabiriwira, n'kuchita thovu, n'kuyamba kununkha ngati dzira lovunda. Matemba ndi milamba zinayandama mimba zili m'mwamba. Kubwalo kunatuluka chilengezo china, chonena kuti nsomba za mu Zilibwino, poona kukoma mtima kwa mfumu, zayamba kudzipereka zokha popanda mbedza. Amphaka a ku Timwenji anazinunkhiza nsombazo n'kubwerera.

Kenako ana anayamba kutsegula m'mimba. Pamenepo nthabwala za pamsika zinachepa. Sigele anadwala kwambiri, maso kulowa m'kati, osafuna ngakhale phala. Nachanza anamubereka kumka naye kuchipatala, kumene anapeza amayi anzake atadzaza khonde lonse. Mwanayo anachira, koma anatuluka ataonda ngati bango lomwe linatha lija. Kuyambira pamenepo Nachanza anasiya kuphika thobwa. Ankadzuka kukatunga madzi pa kasupe wa kuseri kwa phiri, ulendo wobwerako dzuwa lili pamutu, khosi litauma gwa.

Tsiku lina Kamphinda pofika pakhomo anapeza mphasa yake, sutikesi ndi nsapato zake za kutchalitchi zili pabwalo. Nachanza anakhala pakhonde, pambali pake pali kapu.

"Mayi a Sigele, kodi tikusamuka?"

"Mukusamuka ndinu."

"Ndalakwanji?"

Nachanza anamupatsa kapu ija. Munali madzi a mumtsinje, obiriwira, kachilombo kakusambira pamwamba.

"Imwani tiyi wanu, bambo a Sigele. Mwayenda ulendo wautali."

Kamphinda anaigwira kapuyo, n'kuiyang'ana, n'kuiika pansi.

"Mukudziwa mmene kubwalo kulili. Munthu sungangonena..."

"Ine za kubwalo sindizidziwa. Ndikudziwa kuti mwana wanga ndinatsala pang'ono kumuika m'manda, bambo ake ali nduna ya madzi. Kumeneko ndinu nduna. Pano ndinu mkamwini, ndipo mkamwini amene sathandiza pakhomo amabwerera kwawo. Mudzabwere madzi akadzayera."

"Nanga akapanda kuyera?"

"Ndiye kuti mwakwatira mtsinje."

Kwawo kwa Kamphinda kunali kutali, ndipo anachita manyazi kupitako. Anakayala mphasa mu ofesi yake, kuseri kwa tebulo. Masana ankalandira alendo ngati nduna, madzulo ankachapa sokosi m'beseni. Ankamusowa mwana wake. Ankalisowanso thobwa.

Chaka chachitatu minda ya m'mapiri inayamba kumera miyala. Nthaka yakuda ija inali itapita, m'malo mwake munatsala zigwembe zoti mbuzi ikagweramo imangomveka kulira. Chimanga chinafika m'chiuno n'kuima. Nkhokwe zazitali zija zinkalira ngati ng'oma munthu akazigogoda, choncho kuzigogoda kunaletsedwa.

Ndi nthawi imeneyo pamene Mfumukazi Nasiyaya anabweranso, ndi ngolo zodzaza mpunga, nthochi ndi mizimbe yonenepa ngati mkono wa munthu. Anatsika akumwetulira, n'kugwada mwachipongwe pamaso pa msuweni wake.

"Amuna anga, ndabwera kudzathokoza."

"Kuthokoza chiyani?" inafunsa mfumu mokayikira.

"Nthaka! Chaka chilichonse mvula ikagwa, mukutitumizira nthaka yanu yabwino, yothira kale feteleza. Yadzaza madambo athu onse. Onani mpunga uwu. Ndi wanu ndithu, ife tangoulera." Anatenga mzimbe n'kuupereka kwa mfumu. Kenako kumwetulira kunachepa. "Koma mankhwala aja, msuweni, muzisunga kwanu. Nsomba zathu zatha, ndipo ana athu akudwala ngati anu. Mukapitiriza, ulendo wina sindibwera ndi nthochi."

Mfumu inatsala itagwira mzimbe. Mlendo atapita, inakuwa mawu amene anamveka mpaka kukhitchini.

"Akundibera dziko! Dziko langa likupita ku Tingolandira usiku ndi usana, ndipo nduna zanga zikungoyang'ana! Wakuba ndani?"

Nduna zinakambirana n'kupeza kuti wakuba ndi mtsinje. Nduna ya Chitetezo inapempha chilolezo choti iumange. Itafunsidwa kuti unyolo iukoleka pati, inasintha maganizo n'kutumiza asilikali kumalire ndi malichero, kuti aziima m'madzi n'kumasefa dothi lisanawoloke. Asilikaliwo anaima mpaka miyendo inatuluka zidzolo, ndipo dothi limene anapulumutsa linakwana kudzalamo tsabola. Nduna ya Zomangamanga inapereka ganizo loti mtsinje ulamulidwe kubwerera kumtunda ndi katundu yense amene unaba. Ganizoli linayamikiridwa kwambiri, ndipo anasankha komiti.

Kamphinda ankangoomba nawo m'manja pa misonkhano yonseyi. Koma tsiku lina la msika anapita ku Timwenji mozemba, n'kuima kuseri kwa ogulitsa makala. Anaona Nachanza akudutsa ndi ndowa pamutu, akuchokera kuphiri, akuyenda pang'onopang'ono ngati nkhalamba. Sigele ankamutsatira ndi kachigubu. Mwanayo anaona bambo ake, n'kumwetulira, koma sanathe kukweza dzanja chifukwa kachigubuko kanali kolemera. Kamphinda anabwerera ku ofesi osadya.

M'mawa mwake, komiti yobweza mtsinje ili mkati mofotokoza kuti ikufunika galimoto, Kamphinda anaimirira. 

"Wawa, mfumu. Mtsinje sunabe kanthu. Tinaupatsa tokha."

Wina asanamudule mawu, anapitiriza.

"Bango lija, nsenjere zija ndi mikuyu ija ndizo zinkagwira dothi. Tinadula. Mizere tinailozetsa kumadzi, ndiye mvula ikungotsetsereka nayo nthaka. Feteleza tikuthira wopitirira, wotsalayo akudyetsa ndere. Zopopera tikutsukira momwe ana athu amamwa. Si tiyi, mfumu. Ndi matope. Ndipo aliyense muno akudziwa."

Nduna zina zonse zinapeza chinthu chochititsa chidwi pa nsapato zawo.

Mfumu inatsika pa kampando kake, n'kuyenda mpaka pamene panali Kamphinda, n'kumuyang'ana chokweza mutu.

"Ndani anandiuza kuti mtsinje usangalala ukaona dzuwa?"

"Ndine, mfumu."

"Ndani anandiuza kuti ndi tiyi?"

"Ndine."

"Ndiye wandinamiza kawiri, ndipo lero wandichititsa manyazi kamodzi. Vula jekete launduna."

Kamphinda anavula. Anadabwa kuona kuti mapewa apepuka.

Patapita masiku ochepa, wolengeza uja anakweranso pa chulu cha ku Timwenji. Anauza anthu kuti mfumu yalota loto lalikulu. M'lotomo makolo anaiululira chinsinsi chimene munthu wina aliyense sanachiganizepo: kuti bango limagwira dothi. Choncho mfumu yakhazikitsa Lamulo la Alonda Obiriwira. Bango, nsenjere, udzu wa vetiva ndi nsungwi zapatsidwa udindo wa usilikali, ndipo wozidula adzaimbidwa mlandu womenya msilikali. Mizere izipingasa phiri. Feteleza azithiridwa moyeza, ndipo asakanizidwe ndi manyowa. Zopopera zizitsukidwa kutali ndi madzi, padzenje. Ndipo khasu lisayandikire mtsinje kuposa utali wa mfumu itagona n'kudzuka n'kugonanso kangapo.

"Mfumu yathu ndi yaifupi," anatero wometa tsitsi. "Dothi lipitabe."

"Aganizira zimenezo," anayankha wolengeza. "Ayeza ndi chipewa chomwe."

"Nanga tiyi uja?" anafunsa mayi wa usipa.

"Tiyi watha. Anali wa nyengo yochepa."

Chilango cha Kamphinda chinali choti adzale yekha alonda obiriwirawo, kuchokera kugwero la mtsinje mpaka kumalire. Anayamba ndi khasu lobwereka, kabudula ndi chipewa chamlaza. Manja aunduna anachita matuza, matuza anaphulika, kenako manja anakhala a munthu. Anthu ena ankabwera kudzamuonera, popeza si kawirikawiri kuona nduna ili m'matope. Ataonera mokwanira, ena anayamba kumuthandiza, makamaka amayi a ku Timwenji, amene anatopa ndi phiri lija. Nachanza naye ankabwera, koma ankadzala chapatali, osamulankhula.

Atafika pa dimba la Zuze anapeza mwini wake atakhala pagombe ndi chikwanje pamiyendo. Theka la dimbalo linali litagumukira kale mumtsinje, koma theka lotsalalo linali ndi tomato wofiira bwino.

"Apa simudzala," anatero Zuze. "Mfumu inati tilime, tinalima. Nyumba yanga ili ndi malata chifukwa cha dimba ili. Lero mfumu yalota, ndiye ana anga adye bango?"

Funsolo linali loona. Amene anayankha ndi Nachanza, amene anabwera kuchokera kumbuyo, matope ali m'mawondo.

"Achimwene, ana anu asadye bango ayi. Koma wanga anamwa zotsukira tomato wanu, ndipo ndinagona naye kuchipatala."

Zuze anayang'ana pansi. "Sindinkafuna kupweteka mwana wa munthu, mlongo."

"Ndikudziwa. Nanga dimbali mtsinje ukulidya chaka ndi chaka, mudzalima pati likatha? M'madzi?"

Anakambirana mpaka dzuwa kupendeka. Zuze sanagonje msanga, ndipo sanagonje zonse. Anavomera kubweza tomato m'mbuyo, koma anakana bango lokhalokha. Anati pagawo lakelo padzalidwe nsenjere zoti azidyetsa mbuzi, nsungwi zoti aziluka madengu, ndi mzere wa nthochi kumbuyo kwake. Kamphinda anati lamulo limaletsa kudula msilikali. Zuze anati sadzamudula, azidzangomumeta. Anagwirizana pamenepo.

Mtsinje suchira ngati chilonda cha mwana. Mvula yotsatira madzi anafiirabe, ndipo anthu anati ntchito yapita pachabe. Mvula inayo anafiira masiku ochepa n'kuyera. Ndere inachepa. Achule anabwerera, kenako nkhanu, kenako tsiku lina munthu anaona matemba akuthamangitsana pamchenga, n'kuitana anzake ngati waona mlendo wochokera ku Joni. Minda ya m'mapiri sinabwerere mwakale, pakuti nthaka imene inapita ku Tingolandira inakhazikika konko, koma miyala inasiya kumera.

Masana ena Kamphinda ali kupalira vetiva pafupi ndi Timwenji, Nachanza anafika ndi chigubu n'kuchiika pambali pake. Munali thobwa. Kamphinda anamwa osapuma, maso atatseka. Munalibe mchenga.

"Katundu wanu uja mwamusiya nthawi yaitali ku ofesi ya eni," anatero Nachanza akuyang'ana kumbali. "Adzati ndinu wakuba malo. Mukamutenge."

"Ndimuike kuti?"

"Mwaiwala njira?"

Chaka chimenecho mfumu inakonza chikondwerero chachikulu padooko la Timwenji, pomwe inalandira dzina latsopano la Tate wa Bango. Panali magule, panali zolankhula, ndipo nduna iliyonse inafotokoza mmene inkagwirizanira ndi loto la mfumu lisanalotedwe. Kamphinda sanatchulidwe. Anaima kumbuyo kwa khamulo pamodzi ndi mkazi wake, Sigele ali pamapewa. Pomaliza mfumu inatunga madzi m'chikho, n'kumwa pamaso pa onse, n'kupukuta pakamwa.

"Ha! Madzi awa ndi okoma!" inatero. "Madzi otere sayenera kumwedwa ndi anthu okha. Ndalamula kuti makola onse a ng'ombe zachifumu asamukire kugwero la mtsinje uno, pamodzi ndi dibi lozisambitsira mankhwala, kuti ng'ombe zanga zizimwa madzi asanadetsedwe ndi wina aliyense!"

Ng'oma zinalira. Nduna zinaomba m'manja. Anthu nawo anaomba, pang'onopang'ono, akuyang'anana.

Nachanza anakoka malaya a mwamuna wake.

"Bambo a Sigele, ng'ombe zimadya bango?"

"Zimadya. Makamaka lanthete."

"Nanga khonje ndi lunguzi?"

"Zimenezo ayi. Minga."

"Ndiye mawa mulawirire kugwero. Mukadzale mpanda wa minga kuzungulira ponse, wokhuthala, ng'ombezo zisanafike. Madzi zizikamwera m'ngalande, kunja kwa mpanda."

"Mfumu ikafunsa?"

"Mukaiuze kuti ndi maluwa olandirira ng'ombe zake."

Kamphinda anamuyang'ana mkazi wakeyo, n'kuseka mpaka mwana anagwira tsitsi kuti asagwe.

"Mayi a Sigele, inu mukanakhala nduna."

"Ndilibe nthawi," anatero Nachanza akumanga chitenje. "Mawa ndi tsiku la msika, ndipo chimera sindinasinje."